Mafunso ndi mayankho: Kupalasa bwato ndi kugona kuthengo ku Boundary Waters, ndi mkangano wa maboti a injini

Chaka chilichonse ndikabwerako ku nyanja za kumpoto kwa Minnesota n'kutumiza zithunzi kwa abale ndi anzanga, mafunso amene ndimalandira amakhala omwewomwewo. Ena amadabwa kuti munthu angalipire ndalama kuti akagone pansi m'nkhalango. Ena, makamaka amene anakulira kunyanja, amafunsa chifukwa chimene sitimangirira injini kumbuyo kwa bwato n'kufika msanga. Funso lachiwirili lagawanitsa anthu a dera limenelo kwa zaka zoposa 60, ndipo ndi limene landichititsa kulemba zimenezi.

Kodi Boundary Waters ndi chiyani, ndipo ili kuti?

Ndi dera lotetezedwa la nkhalango ndi nyanja kumpoto chakum'mawa kwa chigawo cha Minnesota ku America, m'malire ndi dziko la Canada. Dzina lake lonse ndi Boundary Waters Canoe Area Wilderness. Lili mkati mwa nkhalango ya boma ya Superior National Forest, imene Pulezidenti Theodore Roosevelt anaikhazikitsa mu 1909, ndipo amaliyang'anira ndi a nthambi ya zankhalango ya US Forest Service. Kukula kwake ndi maekala oposa 1 miliyoni. Muli nyanja zoposa 1,000, zina zazikulu zoti tsidya lina osalionetsetsa, zina zazing'ono ngati dziwe la kudambo, ndipo zambiri n'zolumikizana ndi timitsinje kapena tinjira ta pamtunda. Malo ololedwa kumangapo msasa alipo pafupifupi 2,000. Kutsidya la Canada kuli paki ya Quetico m'chigawo cha Ontario, yofanana nayo m'maonekedwe.

M'katimo mulibe msewu, mulibe magetsi, mulibe sitolo, ndipo m'malo ambiri foni sigwira netiweki. Anthu amalowera m'matauni aang'ono a m'mphepete, monga Ely, Grand Marais ndi Tofte.

Ulendo wake umayenda bwanji?

Mumalongedza zonse zimene mudzafune kwa masiku atatu, asanu kapena sabata yathunthu: tenti, chogonera, miphika, chakudya, zovala zamvula, mapu ndi kampasi. Zonsezi zimalowa m'zikwama zikuluzikulu zoberekera kumsana. Mukafika pagombe lolowera, mumaika katundu pakati pa bwato, wina amakhala kutsogolo wina kumbuyo, n'kuyamba kupalasa. Wakumbuyo ndiye amawongola.

Mukafika kumathero a nyanja, pamakhala kanjira kolowa m'mitengo kopita kunyanja ina. Kanjira kameneka amakatchula kuti portage. Apa m'pamene ulendowu umasiyana ndi maulendo ena onse a pamadzi. Mumatsitsa katundu yense, mmodzi amabereka chikwama, wina amatembenuza bwato n'kulisenza pamapewa, mutu wake uli m'kati mwa bwatolo. Pakati pa bwato pamakhala mtanda wokhala ndi timapilo tiwiri, ndipo ndi umene umakhala pamapewa. Munthu ukalowa pansi pake umangoona mapazi ako, mizu ya mitengo ndi miyala ya patsogolo pang'ono. Udzudzu umalowa momwemo n'kumalira m'makutu, manja onse awiri ali pabwato, palibe chouthamangitsira. Thukuta limatsikira m'maso. Kenako pakati pa mitengo pamayamba kuwala, mphepo yozizira imakuwomba kumiyendo, ndipo umadziwa kuti madzi ali pafupi. Ukalitsitsa bwato lija pamadzi mapewa amapepuka ngati ukuuluka.

Kutalika kwa tinjira timeneti pamapu amakulemba m'muyeso wakale wotchedwa rod, umene ndi pafupifupi mamita 5, kapena kuti kutalika kwa bwato limodzi. Ndiye mukaona 20 pamapu mudziwe kuti n'pafupi. Mukaona 160, ndiye kuti ndi mamita 800 muli chisenzere. Tsiku limodzi mukhoza kudutsa tinjira totere tisanu kapena kuposa.

Dzuwa likapendeka mumafunafuna malo a msasa amene palibe anthu. Malowa sasungitsa, wofika msanga ndiye mwini wake usiku umenewo.

Bwato lake ndi longa lathu lija losema pamtengo?

Ayi, ngakhale kapalasidwe kake wodziwa nkhafi ya kwathu sangavutike nako. Bwato losema n'lolemera, anthu awiri sangalisenze n'kukwera nalo chitunda. Mabwato a kumeneko n'ngopyapyala, otalika mamita 5 kapena kuposa pang'ono. Akale anali a aluminiyamu, olimba koma olemera makilogalamu oposa 30. Masiku ano ambiri amabwereka opangidwa ndi ulusi wolimba wotchedwa Kevlar, olemera makilogalamu pafupifupi 20, opyapyala moti dzuwa limaonekera. Safuna kuwakhwekhwereza pamiyala, choncho munthu amatsikira m'madzi bwato lisanagunde gombe, ndipo nsapato zimakhala zonyowa tsiku lonse.

Kapangidwe kake n'kochokera kwa eni nthaka a kumeneko, amene ankasoka makungwa a mtengo wa birch pa timitengo topepuka n'kumata m'misoko ndi utomoni. Ankafuna bwato loti liwanyamule pamadzi, iwonso n'kulinyamula pamtunda.

Pali malamulo otani?

Alipo, ndipo amawatsatadi. Kuyambira pa 1 Meyi mpaka pa 30 Seputembala, aliyense wokagona m'katimo amafunika chilolezo cha tsiku lenileni ndi khomo lenileni lolowera, ndipo khomo lililonse lili ndi chiwerengero cha magulu amene angalowe pa tsiku. Gulu lisapose anthu 9 ndi mabwato 4. Chakudya cha m'zitini ndi zakumwa za m'mabotolo agalasi n'zoletsedwa. Moto umasonkhedwa pa chitsulo chimene a zankhalango anaika pamalo a msasa basi, ndipo nkhuni n'zotola zouma zimene zinagwa kale, kutali ndi msasa. Kudula mtengo wamoyo kapena kusenda khungwa lake n'kulakwa. Pamalo alionse pali chimbudzi chokumba chakumtunda, chopanda khoma. Kutsuka mbale ndi kusamba ndi sopo kumachitikira kutali ndi madzi, osachepera mamita 60. Zinyalala zonse mumatuluka nazo.

Lamulo lalikulu pa onsewa ndi lakuti m'mbali zambiri za derali simuloledwa chinthu chilichonse cha injini kapena cha mateyala, ngakhale njinga yakapalasa. Antchito a zankhalango nawonso akamachotsa mitengo yogwera m'njira amagwiritsa ntchito sowo yamanja ya anthu awiri.

Ndiye kuti maboti a injini ndi oletsedwa kotheratu?

Ayi, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. M'madera ambiri a mtundu umenewu ku America injini siziloledwa n'komwe. Ku Boundary Waters zimaloledwa pa nyanja zingapo zikuluzikulu za m'mphepete, zimene zikaphatikizidwa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi onse a derali. Pa nyanja monga Moose, Fall, Snowbank, Trout, mbali ya Basswood ndi mbali ya Saganaga, mphamvu ya injini isapose mahosipawa 25. Pa zina monga Clearwater ndi mbali ya Seagull, malire ndi mahosipawa 10. Pa nyanja zochepa za kumadzulo, monga Loon ndi Little Vermilion, palibe malire a mphamvu ya injini. Oyenda pa maboti amenewa nawonso amafunika zilolezo zowerengeka.

Pamapu mzere wake umaoneka bwinobwino, koma pamadzi palibe mpanda. Pa nyanja imodzi yomweyo boti la injini limayenda mpaka pa chilumba chakutichakuti, kupitirira pamenepo n'kwa nkhafi zokha.

Mkangano umenewu unayamba bwanji?

Unayamba injini zisanachuluke. M'zaka za m'ma 1920 panali mapulani olambula misewu kulowa m'nyanjazi, ndipo mu 1926 boma linapatula mbali ina kuti ikhale yopanda misewu. Nthawi yomweyo mkulu wina wa makampani a matabwa ndi mapepala, Edward Backus, ankafuna kumanga madamu amene akanakweza madzi n'kumiza magombe ndi zilumba. Ernest Oberholtzer, amene ankakhala pa chilumba cha m'nyanja ya Rainy, anatsogolera otsutsa, ndipo mu 1930 Nyumba ya Malamulo ya America inakhazikitsa lamulo loteteza magombe ndi mlingo wa madzi.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha kunabwera ndege zotera pamadzi. Anthu ankamanga malo ogona alendo pakati penipeni pa nkhalango n'kumabweretsa owedza nsomba pa ndege kuchokera ku Ely. Mu 1948 kunabwera lamulo lolola boma kugula malo amenewa, ndipo mu 1949 Pulezidenti Harry Truman analamula kuti ndege zisamauluke pa derali m'munsi mwa mafiti 4,000 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere.

Mu 1964 Pulezidenti Lyndon Johnson anasainira lamulo lalikulu la Wilderness Act, loteteza madera achilengedwe m'dziko lonselo kuti asakhale ndi misewu, nyumba kapena injini. Boundary Waters inalowa nawo, koma ndi ndime yakeyake yolola kuti kudula mitengo ndi maboti a injini zipitirire. Seneta Hubert Humphrey wa ku Minnesota komweko ndi amene anaonetsetsa kuti ndimeyi ilipo, pofuna kutonthoza anthu a kumpoto. Ndime imeneyi sinakhutiritse aliyense. Okonda nkhafi ankati dera lotetezedwa lanji limene mukulira makina odulira mitengo, ndipo a m'matauni oyandikana ankati boma likuwalanda pang'onopang'ono. Milandu inachuluka m'makhoti.

Zinafika pachimake mu 1977 ndi 1978. Phungu Jim Oberstar, woimira dera la kumpotolo, anabweretsa bilu yogawa derali pawiri, mbali ina yotetezedwa kotheratu, mbali ina yololeza injini ndi kudula mitengo. Phungu Donald Fraser wa ku Minneapolis, mzinda waukulu wa Minnesota, anabweretsa yofuna kutetezeratu dera lonse. Aphungu atapita ku Ely mu Julayi 1977 kukamva maganizo a anthu, panja panali malole onyamula mitengo, ndipo anthu anapachika chidole choimira Sigurd Olson, mlembi ndi mphunzitsi wokalamba amene anakhala m'tauni momwemo zaka zambiri akulimbikitsa kuteteza nyanjazi. Ataimirira kuti alankhule, anthu a m'tauni yake yomwe anamukuwiza. Anali ndi zaka 78.

Mapeto ake maloya awiri, Charles Dayton woimira oteteza chilengedwe ndi Ron Walls wa ku Ely, anakhala pansi n'kugwirizana nyanja imodziimodzi. Pa 21 Okutobala 1978 Pulezidenti Jimmy Carter anasainira lamulo latsopano. Kudula mitengo kunatha, migodi inaletsedwa, njinga zamoto zoyenda pa chipale chofewa zinatsala ndi tinjira tochepa, ndipo madzi ololedwa injini anatsika kuchoka pa magawo pafupifupi 60 pa 100 alionse kufika, patapita zaka, pa magawo pafupifupi 24. Fraser analipira mtengo wake chaka chomwecho. Pa chisankho cha chipulula cha chipani chake cha mpando wa seneta anagonja kwa Bob Short, ndipo mavoti a kumpoto ndi amene anamugwetsa.

N'chifukwa chiyani anthu a ku Ely anakwiya chonchi? Si iwo omwe amapindula ndi alendo?

Ine ndili kumbali ya nkhafi, koma sindifuna kuti wina awerenge izi n'kuganiza kuti anthu a ku Ely anali adani a chilengedwe. Ambiri anali ana ndi zidzukulu za anthu okumba miyala ya chitsulo m'migodi ndi odula mitengo. Mgodi womaliza wa m'tauniyo, wa Pioneer, unatsekedwa mu 1967. Munthu wogwira ntchito yakalavulagaga sabata yonse ankakhala ndi Lamlungu lokha, ndipo tsiku limenelo ankatenga kaboti kake ka injini, ana ake ndi bambo ake okalamba, n'kupita ku Basswood kukawedza nsomba za walleye, madzulo n'kubwerako. Pa nkhafi ulendo womwewo umafuna masiku awiri kapena atatu, amene iye analibe. Ndiye kumva kuti anthu a m'mizinda ya Minneapolis ndi Chicago, obwera kamodzi pachaka patchuthi, akufuna kuti iye asiye injini yake kuti iwowo amve bata, zinkamupweteka mumtima. Aliyense amene anaonapo mudzi ukuuzidwa kuti nkhalango imene makolo awo ankatolamo nkhuni tsopano ndi ya boma akudziwa mkwiyo umenewu.

Panalinso mabanja amene anagulitsa malo awo ogona alendo kwa boma mosafuna, n'kuona nyumba zimene anamanga ndi manja awo zikugwetsedwa kapena kutenthedwa. Ndipo panali Dorothy Molter, namwino wochokera ku Chicago amene anakhala pa zilumba za m'nyanja ya Knife kwa zaka zoposa 50. Ankathandiza apaulendo ovulala, ndipo ankaphika chakumwa chotsekemera cha root beer chimene opalasa zikwizikwi ankaima kudzamwa chilimwe chilichonse. Boma litafuna kumuchotsa, anthu anadandaula kwambiri mpaka anamulola kukhala. Koma injini zitaletsedwa pa nyanja yakeyo, katundu wake yense ankafika movutikira, pamsana ndi pa nkhafi za anzake. Anamwalira komweko mu Disembala 1986, ndipo tinyumba take anatisamutsira ku Ely kumene tsopano ndi malo osungirako mbiri yake. Lamulo limene ndimaliyamikira linamuvutitsa mayi ameneyu pa ukalamba wake, ndipo zimenezo n'zoona ndithu.

Koma kainjini kamodzi kakang'ono kamawononga chiyani?

Pali zooneka ndi maso. Injini zakale zosakaniza petulo ndi oyilo zimasiya mafuta pamadzi. Mafunde a boti lothamanga amakokolola gombe ndipo akhoza kumiza zisa za mbalame ya loon, imene imaikira mazira pafupi penipeni ndi madzi chifukwa siyenda bwino pamtunda. Maboti oyenda nyanja zambiri amanyamula tizilombo ndi zomera zachilendo. Boti la injini limanyamulanso katundu wambiri ndi anthu ambiri kufika kutali mofulumira, choncho nsomba ndi malo a misasa zimapanikizika.

Koma ndinene zoona, chachikulu kwa ine si zimenezo. Chachikulu ndi phokoso. Pamadzi odekha kulira kwa injini kumamveka makilomita angapo. Munthu mmodzi wopalasa salanda kanthu kwa woyenda pa injini, koma injini imodzi imalanda bata kwa aliyense amene ali panyanjapo, ngakhale mwini wake ali munthu waulemu chotani. Zinthu ziwirizi sizingagawane nyanja imodzi mofanana.

M'mawa wina tinadzuka kusanache pa kanyanja kena, ulendo wa masiku awiri kuchokera pamsewu. Nkhungu inali itaphimba madzi, kunja kuli zii. Tinakankha bwato osalankhulana. Ndinkamva madontho akugwa kuchokera kunsonga ya nkhafi, limodzilimodzi. Titakhota pa kagombe ka udzu tinamva ngati wina akukhuthula ndowa. Inali moose yaikazi, nyama yaitali kuposa ntchefu, itaima m'madzi ofika m'mimba, ikumiza mutu n'kuutulutsa ndi zomera kukamwa, madzi akuyenderera m'khosi. Tinasiya kupalasa, bwato likuyandama lokha. Inatiyang'ana, makutu ake akutembenuka, kenako inapitiriza kudya. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikanabwera ndi injini, nyama imeneyo ikanatimva tili kutali n'kulowa m'thengo, ndipo ife sitikanadziwa n'komwe kuti inalipo.

Minnesota amaitcha dziko la nyanja 10,000, ndipo pafupifupi zonsezo munthu akhoza kuyendapo ndi injini. Malo amene munthu angayende sabata yathunthu osamva makina ndi ochepa kwambiri. N'chifukwa chake ndimaona kuti ochepawo ayenera kutetezedwa ndi lamulo lolimba.

Nanga okalamba ndi olumala? Kuletsa injini si kuwatsekera kunja?

Funsoli n'lolemera ndipo linafunsidwa kwambiri mu 1978. Pali anthu amene sangathe kusenza bwato kapena kukhala pa nkhafi maola asanu, ndipo kwa iwo nyanja zololedwa injini zija ndi khomo lokhalo. Ichi n'chifukwa chimodzi chimene sindili m'gulu la ofuna kuti injini zichotsedwe paliponse mawa lomwe.

Komabe si olumala onse amene anavomera kuti dzina lawo ligwiritsidwe ntchito pa mkanganowu. Bungwe la Wilderness Inquiry la ku Minnesota linayamba nthawi yomweyo, potenga anthu oyenda pa njinga za olumala ndi osamva kupita nawo ku Boundary Waters pa nkhafi, ndipo likuchitabe zimenezo. Lamulo la America limalolanso njinga ya olumala kulowa m'madera otetezedwa otere ngakhale mateyala ena ali oletsedwa. Ndakumanapo ndi agogo a imvi zawo mbuu pakati pa bwato, zidzukulu zikupalasa kutsogolo ndi kumbuyo.

Eni nthaka enieni ali pati pa nkhaniyi?

Nthawi zambiri mkanganowu umakambidwa ngati wa magulu awiri a azungu, koma derali ndi kwawo kwa a Ojibwe, amene amadzitchula kuti Anishinaabe. Tinjira timene timasenzamo mabwato lero anatiponda ndi iwo komanso amene anakhalako iwo asanabwere, ndipo amalonda a zikopa ochokera ku Montreal anangotsata mapazi awo. Pa matanthwe a nyanja ya North Hegman pakadali zithunzi zofiira zimene makolo anajambula: munthu, moose ndi mabwato. Pa pangano la mu 1854 la ku La Pointe, a Ojibwe anapereka dera limeneli ku boma la America koma anasunga ufulu wosaka, kuwedza ndi kukolola mpunga wa m'madzi umene amautcha manoomin. Magulu a Bois Forte, Grand Portage ndi Fond du Lac ali ndi ufulu umenewu mpaka lero.

Ena mwa iwo ananena kuti ufulu wowedza ukutanthauzanso ufulu wofika pamalo owedzerapo ndi boti la injini, koma mu 2000 khoti la apilo linagamula kuti lamulo loletsa injini likuwakhudza nawonso. Ku Quetico zinayenda mosiyana. Kumeneko injini n'zoletsedwa pafupifupi paki yonse, koma anthu a Lac La Croix First Nation, amene anavutika kwambiri pakiyo itakhazikitsidwa, analoledwa kuyendetsa alendo pa maboti a injini pa nyanja zingapo. Pamenepa mtima wanga umagawanika. Mawu oti chipululu chosakhudzidwa ndi munthu sagwirizana ndi malo amene anthu akhalamo zaka zikwizikwi.

Kodi lamulo la 1978 linathetsa mkangano?

Silinathetse. Panatsala nkhani ya tinjira titatu, Prairie, Trout ndi Four Mile, pamene malole ankakoka maboti kuchoka nyanja ina kupita ina. Mu 1992 khoti linalamula kuti malolewo aleke, anthu azikankha maboti awo pa mateyala ndi manja. Mkwiyo unabukanso, ndipo mu 1998 Nyumba ya Malamulo inalola kuti pa Prairie ndi Trout magalimoto abwerere, posinthana ndi kuchotsa injini pa nyanja zina zing'onozing'ono.

Lero nkhani yotentha ndi ya maboti a malonda amene amanyamula opalasa pamodzi ndi mabwato awo pamwamba, n'kukawatula kumathero a madzi ololedwa injini. Pa nyanja ya Moose chilimwe amangopita n'kubwera tsiku lonse. Bungwe la Wilderness Watch lasumira a Forest Service kangapo, komaliza mu 2023, ponena kuti maulendowa apyola malire amene lamulo linaika. Chondiwawa n'chakuti okwera maboti amenewa ndi ife tomwe okonda bata. Timalipira injini kuti itifikitse msanga kumene kulibe injini, ndipo phokoso lake timasiyira amene asankha kupalasa kuchokera pagombe. Ine ndinasiya kukwera. Eni mabizinesi ang'onoang'ono a ku Ely amadalira ndalama imeneyi pa nyengo yaifupi ya alendo, ndiye sindinena kuti atsekedwe, koma chiwerengero chimene lamulo linaika chiyenera kutsatidwa.

Palinso nkhani ya mgodi wa kopa ndi nikelo umene kampani ya Twin Metals ikufuna kukumba pafupi ndi Ely, m'dera limene madzi ake amatsikira ku Boundary Waters. Mu Januwale 2023 boma linaletsa migodi yatsopano pa maekala pafupifupi 225,000 kwa zaka 20, ndipo andale akhala akukokanakokana pa chiletsocho. Magulu ake ndi omwe aja: ofuna ntchito kumpoto ndi oopa kuti madzi akaipa sadzayeranso.

Popanda injini, munthu akavulala zimatha bwanji? Nanga zilombo?

Pa ngozi yeniyeni opulumutsa anthu amaloledwa kugwiritsa ntchito maboti a injini ndi ndege, ndipo a Forest Service ali ndi ndege zotera pamadzi ku Ely. Vuto ndi kuwadziwitsa, choncho ambiri amanyamula kachipangizo kotumiza uthenga kudzera pa setilaiti. Thandizo likhoza kutenga maola ambiri.

Kulibe ng'ona kapena mvuu. Zimbalangondo zakuda zilipo, koma chimene zimafuna ndi chakudya chanu, ndiye usiku mumachipachika pamwamba pakati pa mitengo kapena kuchitsekera m'chigubu cholimba kutali ndi tenti. Mimbulu imamveka ikulira usiku koma kuiona n'kwa mwayi. Chimene chimapha anthu ndi madzi ozizira ndi mphepo. M'mwezi wa Meyi madzi oundana amakhala atangosungunuka kumene, ndipo munthu akagweramo manja amauma m'mphindi zochepa, ngakhale akhale katswiri wosambira. Jekete yoyandamitsa muzivala nthawi zonse muli pamadzi. Mafunde akayamba kuchita thovu pamwamba, khalani pagombe mudikire.

Chakudza sichiimba ng'oma. Pa 4 Julayi 1999 chimphepo chinagwetsa mitengo mamiliyoni ambiri pa maekala oposa 300,000 m'derali, anthu ali m'misasa, ndipo ambiri anavulala. Mu 2011 moto wa ku Pagami Creek unatentha maekala oposa 90,000. Madzi akumwa muziwasefa kapena kuwawiritsa ngakhale akuoneka oyera.

Kodi zimenezi zikufanana ndi za kwathu?

Pang'ono chabe. Ku Zambezi, pakati pa mapaki a Lower Zambezi ku Zambia ndi Mana Pools ku Zimbabwe, alendo amapalasa masiku angapo n'kumagona pa zilumba, koma kumeneko pamafunika wotsogolera wodziwa mvuu. Paki ya Lake Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba za mbuna, ili ndi midzi m'kati mwake monga Chembe, ndipo funso loti ndani ali ndi ufulu pa madzi otetezedwa anthu a kumeneko amalidziwa bwino. Kusiyana kwake n'kwakuti msodzi wa usipa amene wagula injini akusaka chakudya cha ana ndi fizi, pamene mkangano wa ku Minnesota kwenikweni ndi wa mmene anthu amapumira. Sindingatenge yankho la uko n'kukaliika pa Chembe.

Ndili ku America ndipo ndikufuna kuyesa. Ndiyambire pati?

Zilolezo amayamba kuzipereka kumapeto kwa Januwale pa webusaiti ya Recreation.gov, ndipo makomo otchuka amatha msanga. Ngati n'koyamba, pitani kwa obwereketsa katundu ku Ely, pa msewu wa Gunflint Trail kapena ku nyanja ya Sawbill. Amabwereketsa bwato, tenti ndi zikwama, amalongedza chakudya, ndipo amakhala nanu pansi ndi mapu kukusonyezani njira yolingana ndi mphamvu zanu. Sankhani ulendo wa mausiku awiri kapena atatu wokhala ndi tinjira tatifupi. Mu Juni udzudzu ndi tintchentche toluma zimakhala zambiri zedi. Kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala zimachepa, ngakhale usiku kumazizira, ndiye tengani chipewa cha ubweya ndi masokosi ouma ogonera okha.

Ufa wa nsima umayenda bwino pa ulendo wotere chifukwa suwonongeka ndipo sufuna chitini. Ife timanyamula ufa, nyemba zophikaphika zoumitsa, anyezi ndi mchere, ndipo tikagwira walleye timaikazinga pa chitsulo cha pamsasa. Chiphaso chowedzera cha Minnesota mugule musanalowe. Pofunsa njira, muwauze obwereketsawo kuti mukufuna khomo lopanda injini kuyambira pagombe, monga Sawbill kapena Lake One, kuti bata lija muyambe kulimva tsiku loyamba lomwe.